Kapu imodzi ya mpunga

Tsiku limene Ababa anawapeza ndi matenda a shuga tinabwerako kuchipatala ndi mapiritsi a mwezi umodzi komanso mawu ochepa amene aliyense anawamva mwa njira yake. Anamwino anafotokoza mofatsa: nsima achepetse, shuga mu tiyi asiye, masamba azichuluka m'mbale, ndipo tsiku la mpunga azidya kapu imodzi basi. Pamzere panali anthu ambiri, ena atakhala pansi pakhonde, choncho sitinafunse zambiri. Tinathokoza n'kukwera kabaza kubwerera kwathu kumunsi kwa phiri la Mulanje.

Lamlungu lotsatira mwana wa achemwali anga, amene amakhala ndi makolo angawa, anachita monga anamvera. Anatunga mpunga m'thumba ndi kapu ya tiyi, nausankha, nautsuka, nauphika m'kapoto kapadera, n'kuwapakulira agogo ake wonsewo. Ababa anadya mpaka mbale kuyera. Ine nditafika madzulo n'kumva mmene zinayendera, mtima unangoti myu. Mwanayo sanalakwe. Anamva kapu imodzi, ndipo anayeza kapu imodzi. Koma anamwino ankanena za mpunga wophika, ndipo kapu ya mpunga wouma ikatuluka mumphika imakhala makapu atatu, nthawi zina kuposa.

Kuyambira tsiku limenelo kafunso kanandikhala pamtima: kodi kapu imodzi ya mpunga wophika ndi mpunga wochuluka bwanji? Ndaphika pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pamisonkhano ya Mvano kwa zaka zambiri, ndipo ndikangoyang'ana anthu amene afika ndimadziwa kuti pafunika miphika ingati. Koma nzeru yonseyo ndi ya maso ndi manja. Kumsika, kaya pa Chitakale, pa Nkando kapena pa Limbuli, tomato timagula pa mulu, chimanga pa ndowa, nandolo pa mbale, mpunga pa kapu kapena pa chigoba cha malita 5. Wogulitsa amadzaza mpaka kaphiri kutukuka pamwamba, ndipo mukadziwana amaponyerapo banyira ndi dzanja. Miyeso imeneyi sindiinyoza. Wogula amadzionera yekha chimene akulipira, ndipo n'chifukwa chake alimi ambiri amakhulupirira ndowa kuposa sikelo ya mavenda, ngakhale a Malawi Bureau of Standards amayesa ndi kudinda masikelo. Kungoti kapu imakuuza malo amene chinthu chatenga. Kuchuluka kwa chinthucho siikuuza.

Komanso Mulanje si kwawo kwa mpunga. Kuno n'kwa tiyi, nanazi, nandolo, chinangwa ndi kalongonda. Kilombero wonunkhira uja amachokera kutali ku Karonga, Faya ndi wakunyanja ku Nkhotakota ndi ku Salima, ndipo wapafupi ndi wa m'madambo a nyanja ya Chilwa, kupitirira Phalombe. Pofika pamsika wathu mtengo umakhala utakwera. Tili ana, mpunga tinkauona pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano, kapena kukabwera mlendo woti nkhuku ife. Chakudya chimene munthu wachidikira chaka chonse sachipakula mowerengera. Amaunjika, ndipo kuunjikako ndiko ulemu. Ndikuganiza kuti ambiri a ife mpaka lero, ngakhale amene amadya mpunga kawiri pa sabata, tikaona mbale ya mpunga yosadzaza timamva ngati mwini nyumba ali nafe chifukwa.

Nanga kapu yakeyo ndi iti? Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khitchini ya Amayi, ndipo matope anapita ndi ziwiya zambiri, kuphatikizapo kapu yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu, imene ankayezera mpunga kuyambira ine ndisanabadwe. Masiku amenewo anthu kuno ndi ku Phalombe anataya nyumba, minda ndi abale awo, choncho Amayi za kapu sanazitchule n'komwe. Anagula ina yapulasitiki. Koma kwa miyezi ingapo mpunga wawo unkatuluka wosapsa pakati. Ankatunga makapu anayi monga mwa nthawi zonse, madzi n'kuthira ndi diso lakale, osazindikira kuti kapu yatsopanoyi ndi yaikulu. Zaka zonsezo muyeso wawo unali m'kapu imodzi ija yokha, ndipo unapita nayo limodzi.

Achimwene anga a ku Johannesburg atamva nkhani ya Lamlungu lija anatumiza kasikelo ka mabatire kudzera kwa anyamata onyamula katundu pa basi. Tikucheza pa WhatsApp anandiuza kuti kumeneko buku la zophika likati kapu limatanthauza mamililita 250, pamene kapu ya ku America ndi pafupifupi mamililita 237, ndipo kakapu kobwera ndi mphika wamagetsi wophikira mpunga ndi ka mamililita 180. Nditafufuza ndinapeza kuti kakapu ka 180 kameneka ndi ka ku Japan, dzina lake gō, ndipo n'kakale kwambiri kuposa miphika yamagetsi. Makapu otere 1,000 amapanga koku, muyeso umene ankati ndiwo mpunga wodyetsa munthu mmodzi chaka chonse, moti chuma cha mafumu ndi malipiro a ankhondo awo ankaziwerenga mu koku. Zinandisangalatsa kuti eni mpunga enieni nawonso anadalira kapu. Koma iwo anagwirizana kapu imodzi dziko lonse, ndipo ankayeza mpunga wouma. Ife m'nyumba imodzi tinali ndi makapu a misinkhu inayi.

Tsiku loyamba limene ndinaika kasikeloko patebulo n'kusanjikapo mbale ya Ababa, iwo anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakankha mbaleyo pang'onopang'ono.

"Mwanawe," anatero, "zaka zonse zija andiyeza thukuta langa. Lero ndakalamba, iwe uyambe kundiyeza chakudya?"

Usiku umenewo sanadye. Ine ndinachita manyazi, chifukwa ndinayenera kudziwa chimene sikelo ili kwa munthu ngati iwo. Ababa anathyola tiyi pa esiteti ina kuno zaka zoposa 20. Tiyi wa ku Mulanje ndi wakale. Henry Brown anamubzala ku Thornwood mu 1891, ndipo chiyambire nthawi imeneyo mabanja ambiri kuno, makamaka ife Alhomwe amene makolo athu anaoloka kuchokera ku Mozambique, akhala akudyera pa sikelo. Wothyola amabereka dengu kumsana kuyambira m'mamawa, kutsina masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka nthawi yokaima pamzere. Kalaliki amapachika masambawo pa sikelo, natchula nambala, nalemba. Ukakwanitsa mgwazo tsikulo lawerengedwa, ukapitirira pamabwera kangachepe pamwamba. M'dzinja, pamene tiyi amaphuka kwambiri, ndi pamenenso mvula imanyowetsa masamba, ndipo kumene ankagwira Ababa ankachotsako makilogalamu ena ponena kuti amenewo ndi madzi. Ababa sankatsutsa zoti madzi amalemera. Chinkawawawa n'choti woyeza, wochotsa ndi wolemba anali munthu mmodzi, mwini thukuta n'kumangomva nambala.

Kasikeloko ndinakasiya pawindo, osakakhudzanso. Patapita masiku atatu mwana uja anandinong'oneza kuti agogo akumakatenga masana, n'kumayeza supuni, bokosi la machesi, peyala. Loweruka ndinayatsa mbaula, ndinatenga kapu ya tiyi ija, n'kuyamba kuyeza ndekha pakhonde osalankhula kanthu. Sipanathe mphindi zisanu.

"Ukulakwitsa. Chotsa dengu poyamba."

Ankanena za kulemera kwa kapu yopanda kanthu. Anakoka mpando, naika kapuyo pa sikelo, nadina batani mpaka nambala inabwerera pa 0. Kenako anapempha kope ndi pensulo. Tsiku limenelo kalaliki anali iwo.

Tinayamba ndi madzi, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye sikelo ingathe kukuuza kukula kwa kapu. Yathuyo inalowa magalamu 250 a madzi, kutanthauza mamililita 250. Tinaipukuta n'kudzazamo mpunga wouma, kusalaza pamwamba ndi mpeni: magalamu 200. Tinauphika ndi makapu awiri a madzi monga timachitira, utaphwa tinachepetsa moto n'kuika makala pachivundikiro. Titaupakula wonse, kusiya nkhoko, unalemera magalamu 560. Tsono tinabwerera ku kapu ija. Ndinaidzaza ndi supuni mopepuka, mpunga uli woyoyoka, n'kusalaza: magalamu 165. Ababa anati ndibwereze, koma nditsendere ndi supuni monga amachitira a m'malesitilanti pofuna kugubuduzira mpunga m'mbale uli chiumbe. Inakwana magalamu 210. Kachitatu anati ndidzaze ngati wa pamsika wokonda kasitomala wake, ndipo nambala inapitirira 240. Kapu yomweyo, mphika womwewo, dzanja lomwelo.

Chimene chinatidabwitsa tonse n'choti kapu ya mpunga wophika inapepuka kuposa ya wouma. Mwana uja anakana, amvekere mpunga wamwa madzi, ungapepuke bwanji? Tinabwereza, ndipo zinatuluka chimodzimodzi. Njere youma ndi yolimba ndi yolemera, n'chifukwa chake imamira m'madzi, ndipo njere zouma zimaterereka n'kukhalirana bwino m'kapu. Ikapsa imafufuma, magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake amakhala madzi, ndipo njere zophika zimagwiranagwirana n'kusiya timipata ta mpweya pakati. M'kapu ya mpunga wophika muli njere zochepa, madzi ambiri ndi mpweya. Ukatsendera ukutulutsa mpweyawo n'kulowetsa mpunga m'malo mwake. Anthu awiri angathe kulumbira kuti adya kapu imodzi, onse akunena zoona, koma wina wadya kapu ndi theka la mnzake.

Ababa anakhala chete akuyang'ana kope. Kenako anafunsa funso la munthu amene anaimapo pamzere wa sikelo.

"Ku esiteti madzi ankawachotsa. Nafenso tiwachotse. Pa 165 ameneyu, mpunga weniweni ndi ungati?"

Tinawerenga limodzi. Ngati magalamu 200 ouma abala 560 ophika, ndiye kuti kapu ya 165 inachokera ku magalamu pafupifupi 60 ouma, kadzanja kamodzi. Zimenezi zikugwirizana ndi zolembedwa pa nkhani ya zakudya: m'magalamu 100 a mpunga woyera wouma muli sitachi pafupifupi magalamu 80, pamene m'magalamu 100 a wophika muli pafupifupi 28 okha. Sitachiyo ndiye amasanduka shuga m'magazi. Kapu imene ananena anamwino inali ndi sitachi wa magalamu 46 kapena kuyandikira pamenepo. Mbale ya Lamlungu lija inali ndi pafupifupi 160. Ababa anagwedeza mutu, nalemba manambala awiriwo moyandikana, n'kujambula mzere pansi pake. Sindinafunikenso kuwauza kanthu. Anangowonjezera kuti kufakitale masamba aawisi a makilogalamu anayi kapena asanu ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi womwa. Tiyi amataya madzi kuti agulitsidwe, anatero, mpunga umamwa madzi kuti udyedwe, ndipo pawiri ponsepo wosawerengera madziwo amapusitsika.

Si nyumba iliyonse ili ndi sikelo, ndipo mabatire amatha. Kuchokera m'kope la Ababa ndinatulutsamo kalamulo kamene ndauzako amayi anzanga ambiri amene akusamala odwala shuga kapena BP. Yambani mwadziwa kukula kwa kapu yanu. Botolo lagalasi la Coca-Cola ndi mamililita 300, botolo laling'ono la madzi ogula ndi 500. Thirani madzi kuchokera m'botolo ndipo muona pamene kapu yanu ili. Mpunga wophika, woyoyoka, wosatsendera, umalemera pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nambala imeneyo. Kapu ya 300 ndi magalamu 200 a mpunga wophika. Wouma ndi magawo anayi mwa asanu, ndiye kapu yomweyo ndi 240. Kapu yapulasitiki ya Amayi inameza botolo lonse la 300 n'kutsala malo. Ndi ya 400, ndipo ikadzaza mpunga wophika imayandikira magalamu 270. Munthu wa kapu yotere akauzidwa kuti adye imodzi, n'kumvera mokhulupirika, amadya kwambiri osadziwa.

Kalamuloka sikagwira ndendende masiku onse. Mpunga watsopano wa mu Meyi ndi Juni umamwa madzi pang'ono, pamene wa chaka chatha umamwa ambiri n'kufufuma kwambiri. Wosweka kuchigayo umakhalirana m'kapu kuposa wa njere zathunthu. Wophika mofewa, ngati wa odwala ndi ana, umalemera ndi madzi, ndipo wa pamoto umalemerako kuposa umene wazizira nthunzi itatuluka. Achimwene atamva zimenezi anati basi tiziyeza wouma, pakuti magalamu 60 ouma ndi 60 kaya uphike bwanji. Pa masamu anali kunena zoona. Koma ndani angayatse mbaula chifukwa cha kadzanja kamodzi ka mpunga, makala adula chonchi? Ndipo chachikulu si makala. Kapoto kapadera kamamuchotsa munthu pakati pa anzake. Ndaona odwala shuga ambiri amene amadya okha kuchipinda, chakudya chawochawo, nthawi yawoyawo, mpaka pakhomo kuyamba kuwaona ngati alendo. Ambiri amapirira miyezi iwiri, kenako amatopa n'kubwerera ku mbale yakale. Ine ndinalimbikira kudziwa kulemera kwa mpunga wophika kuti Ababa azidya za mumphika umodzi ndi adzukulu awo, pa nthawi imodzi, pamkeka womwewo.

Masamu omwewa ndinapita nawo ku ukwati wina wa kumpingo. Kilogalamu imodzi youma imabala pafupifupi makilogalamu atatu osakwana pang'ono, ndipo ngati mbale ya mlendo ndi magalamu 300, kilo imadyetsa anthu asanu ndi anayi. Amayi achikulire a Mvano anangondiyang'ana n'kunena kuti iwo kuyambira kale amawerenga kilo anthu khumi, bola pakhalenso nsima. Tinasiyana munthu mmodzi.

Amene anavutika kwambiri ndi Amayi. Sikelo sanaikane, koma kambale kamene inkatulutsa kankawapweteka mtima. Tsiku lina tikutsuka mbale kuseri anandiuza motsitsa mawu.

"Bambo ako ndawaphikira zaka zoposa 40, sanagonepo ndi njala m'manja mwanga, ngakhale chaka cha njala. Lero munthu alowe awapeze ndi kampunga aka, adzati chiyani? Adzati ndikuwamana."

Mawu amenewa si opepuka. Kwathu kuno mkazi amaweruzidwa ndi mbale ya mwamuna wake, ndipo achibale a kuchimuna sachedwa kuona. Amene amaphunzitsa za matendawa ndikanakonda atamalankhulanso ndi wophika, chifukwa wodwala amamva malangizo koma chipande chili m'manja mwa wina. Chinatithandiza ndi mawu ena aja a anamwino, oti masamba azichuluka m'mbale. Amayi anayamba kuzungulira mpungawo ndi nkhwani, mpiru, chisoso kapena bonongwe, pambali nandolo kapena usipa, mpaka mbale kudzaza monga kale. Wolowa pakhomo amaona mbale yodzaza. Nsima nayo tinaichita chimodzimodzi, ndipo kunena zoona nkhondo yaikulu ili pa nsima, chifukwa imeneyo ndi ya tsiku ndi tsiku. Koma mpunga ndiwo unatiphunzitsa njira.

Tsiku lina ndinawapempha Amayi kuti apakule monga amapakulira nthawi zonse, ndi chipande chawo chamtengo, osayang'ana sikelo. Anapakula kasanu, ine ndikuyeza. Chipande chopepuka chinali magalamu 108, cholemera 115. Ababa analemba zonse zisanu, n'kunena kuti kalaliki wa ku esiteti sankafika pamenepo. Amayi anaseka koyamba chiyambire nkhaniyi. Chipande chimodzi ndi theka chinakhala muyeso wa Ababa, ndipo kasikeloko kanabwerera pawindo. Timakatsitsa tikagula mpunga wa mtundu wina, kapena Ababa akafuna kutsimikiza. Manambala a kuchipatala ayamba kutsika, ndipo kope lija amapita nalo tsiku la sikelo yawo ya mwezi ndi mwezi.

Pa Khirisimasi yapitayi tinagula Kilombero, tinapha nkhuku ziwiri, ndipo fungo linafika mpaka kumsewu. Kunali chifunga paphiri, Sapitwa osaoneka, mvula ikuwaza. Tinakhala tonse pakhonde, ana pamkeka. Amayi anapakulira alendo mbale zounjika, kenako anafika pa ya Ababa. Chipande chimodzi. Theka. Dzanja lawo linaima pang'ono pamwamba pa mphika, n'kuwonjezera kansonga. Ababa anaona. Analandira mbaleyo ndi manja awiri nathokoza, kenako anaikhazika pachikhatho chimodzi, kuikweza ndi kuitsitsa monga ankachitira ndi dengu asanafike kwa kalaliki.

"Apa pali banyira," anatero.

Anatenga supuni, natapa kansonga kaja, n'kuitana kamdzukulu kakang'ono kamene kanali kataima pafupi ndi bondo lawo. Kanayasamula kukamwa, ndipo Amayi anapitiriza kugawa nkhuku.